Mawu Atatu Omwe Anagwetsa Consolata

Panali mtsikana wina wa ku Songani, dzina lake Consolata, yemwe anali m'chaka chomaliza ku yunivesite ku Zomba. Kuti alandire digiri, chinatsala ndi kafukufuku basi. Iye anasankha kulemba za moto womwe umatentha mitengo ya paini paphiri la Zomba.

Ku laibulale anapeza bambo Alufeyo, omwe amathandiza ophunzira kufufuza pakompyuta zimene akatswiri analemba kale.

"Achemwali, musamalembemo mutu wonsewo," anatero bamboyo. "Sankhani mawu awiri kapena atatu ofunikira. Akakana, sinthani muyese ena."

"Zikomo, koma kompyuta ndimaidziwa," anayankha Consolata.

Analemba mutu wake wonse, mawu makumi awiri, ngati kalata yofunsira ntchito. Kompyuta sinatulutse kanthu. M'malo modabwa, mtsikanayo anakondwa. Patsamba loyamba la kafukufuku wake analemba monyadira kuti palibe munthu anafufuzapo nkhaniyi.

Tsiku lofunsidwa mafunso linakwana. Pakati pa aphunzitsi panakhala mlendo wodzayesa ophunzira, Dokotala Safina Mpinganjira, mayi amene aliyense amamuopa. Anawerenga tsamba loyamba, navula magalasi.

"Mwati palibe analembapo?"

"Palibe, madamu. Ndinafufuza."

"Bwerani mufufuzenso pano, tonse tikuona. Lembani mawu atatu okha: moto, paini, Zomba."

Consolata analemba mawu atatuwo. Atadina, zolemba zinatuluka mndandanda, makumi anayi ndi mphambu ziwiri.

"Tiwerengereni dzina la mlembi woyambayo."

Consolata anayang'ana. Linali dzina la mayi yemweyo.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakwera phiri limeneli, kuyenda m'phulusa," anatero Dokotala Mpinganjira motsitsa mawu. "Lero mukundiuza kuti kulibe ine?"

Mayina a olandira digiri atatuluka, la Consolata panalibe. Anauzidwa kuti abwereze chaka. Anaima pa siteji ya minibasi za ku Songani, zitatu zinadzaza n'kunyamuka iye osakwera, chifukwa kwawo mayi ake anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo akulandira digiri.

Phunziro: Kompyuta ikapanda kutulutsa kanthu, sikuti kulibe kanthu, mwina wafunsa molakwika ndiwe. Fufuza ndi mawu ochepa, uwasinthesinthe, ndipo umvere a ku laibulale. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Tumizani nkhaniyi kwa wophunzira aliyense amene mukumudziwa, asanakaime pamaso pa omuyesa.