Lawi Lachikasu

Lawi la hita ya gasi yotenthetsera m'chipinda linali litasanduka lachikasu. Dzulo lomweli linali labuluu.

"Zeneralo musaliyandikire," anatero apongozi anga aamuna ali gone pabedi, bulangeti mpaka m'khosi. "Mukufuna chisanu chindiphere m'nyumba mwanga momwe?"

Kuyambira pomwe miyendo yawo inafa, mawu awo ndiwo amayenda m'nyumba muno. Ndiwo analamula kuti zenera likhomedwe misomali, ndi kuti nditseke mpata wa kunsi kwa chitseko ndi thaulo. Ine changa chinali "chabwino, bambo."

Mutu unkandiwaza. Miyendo inalemera ngati ndaponda m'thope.

"Inu ana amasiku ano mulibe..." Mawu anathera pomwepo. Chibwano chinagwera pachifuwa.

Lawi lachikasu lija linali chizindikiro: hita inkatulutsa mpweya wakupha. Ndinatseka gasi. Ndinakoka chitseko, koma thaulo lija linapanikizika kunsi kwake, osasuntha. Ndinatola ndodo yawo n'kuswa galasi la zenera.

Mphepo yozizira inalowa. Ndinawakhwekhwerezera pazenerapo, foni ili kukhutu ndikuitana ambulansi.

Anatsokomola, n'kuyang'ana magalasi ali mbwee pansi.

"Mwano! Zenera langa!"

"Kalipani, bambo," ndinatero, misozi ili chuchuchu. "Chonde, musasiye kukalipa."