Yochokera Kunja

Vainess anaimitsa galimoto ya matayala atatu pakhomo pa garaja ya alamu ake, a Bonface, m'mbali mwa msewu waukulu ku Katete. Anaima movutikira, pakuti chopondera mabuleki chinali chikugwedera kuyambira pa Chadiza. Kumbuyo kunali matumba khumi a mtedza.

M'garajamo munali mutatsala fumbi ndi fungo la oilo. Makina owotcherera zitsulo anali panja, atamangidwa kale ndi linya, ndipo bambo wina wa ku Sinda, wofuna kuwagula, anali atakhala pa tayala lakutha kudikira yankho.

Yankholo linali m'kamwa mwa Vainess. Kalabu ya amayi olima mtedza ku Vubwi, yomwe iye anali wapampando wake, inkafuna galimoto yachiwiri. A Bonface anali atatumiza uthenga katatu konse kuti akawapatsa ntchito yopanga galimotoyo, makinawo sagulitsa.

Zaka zitatu zapitazo a Bonface anapangapo imodzi ndi manja awo. Anatenga injini ya njinga yamoto, mapaipi, ndi zitsulo zakutha zotola m'midzi. Ngakhale makasu akale a malemu mkulu wawo Yotamu, mwamuna wake wa Vainess, anakawatenga, aja omwe mwiniwake ankaboola timabowo titatu pakona kuti asasokonekere ndi a anthu ena kudimba. Amayi a kalabu atabwera kudzaiona, anaizungulira kamodzi kokha n'kuyamba kuseka. Inalibe penti, ndipo mowotcherera monse munkaoneka ngati zipsera. Vainess ndi amene anaipatsa dzina loti galimoto ya makasu, ndipo dzinalo linafika pamsika iye asanakwere n'komwe minibasi. Inakhala padzuwa miyezi isanu ndi iwiri, mpaka a Bonface anaigulitsa pamtengo wa zitsulo zakutha kwa munthu wodutsa.

Patapita nthawi, kalabu inakagula kwa Prince, yemwe amalowetsa magalimoto ochokera kunja kudzera pa chipata cha Chanida. Yake inali yofiira, yonyezimira, mpando wokutira pulasitiki, ndi zilembo zachilendo m'mbali zomwe palibe ankatha kuwerenga. Inadya zokolola za zaka ziwiri, koma Vainess sanadandaule tsiku ndi limodzi lomwe. Inkakwera zitunda za ku Vubwi itasenza, inkawoloka mitsinje nthawi ya dzinja, inanyamulapo amayi apakati ndi maliro.

"Mwayenda bwanji, alamu?" anafunsa a Bonface, akupukuta manja omwe anali oyera kale. "Nanga nkhani ija?"

"Tinalipira kale kwa Prince," anatero Vainess. "Musakwiye. Thukuta la amayi si lophunzirira ntchito. Ine ndangobwera kuti mundimangire buleki."

A Bonface anagwedezera mutu bambo wa ku Sinda uja. Anathandizana kukweza makinawo pa njinga yamoto, ndipo a Bonface anaima kuwayang'ana mpaka atalowa mu tala. Zaka makumi awiri za ntchito zinapita choncho, zitamangidwa ndi linya.

Kenaka anatembenukira galimoto ija. Kanali koyamba kuiona, poti ku Vubwi anasiya kupondako chichitikire mwambo wa maliro a mkulu wawo. Anaizungulira pang'onopang'ono. Analowetsa dzanja pansi pa bodi n'kumasisita zitsulo ndi zala. Kenaka anapukusa mutu.

Vainess ankaidziwa nsanje akaiona, ndipo sanaimvere chisoni.

"Muionetsetse, alamu," anatero atapinda manja pachifuwa. "Zaka ziwiri, ndipo lero ndi koyamba kuonana ndi makaniko. Anzanu kunjaku amapita kusukulu. Inu mumafuna tikwere makasu."

"Sinakuvutenipo pachitunda?"

"Iyi? Olo kamodzi."

"Nanga masipuling'i?"

"Ali ngati a dzulo. Mukanakhala ndi makina anu aja, bwenzi ndikuti mujambule muphunzirepo."

A Bonface anatenga sipanala imodzi yomwe inatsala m'thumba la ovololo, n'kugwada pafupi ndi chopondera. Chinali chokutidwa ndi mphira wakuda wochindikala, womatidwa bwino ndi guluu. Kuti afike pa bawuti yomwe inamasuka, anafunika kuuchotsa. Anaulowetsa sikuludiraiva, naukanganula, ndipo penti yofiira inagwa pansi ngati makoko a mtedza.

Bawutiyo sanaimange. Anadzuka, nasuntha pang'ono kuti dzuwa liwale bwino pamenepo.

"Tabwerani kuno, alamu."

Vainess anawerama monyinyirika. Chomwe phazi lake linakhala likuponda zaka ziwiri zonsezi chinali khasu lakutha, lodulidwa pakati. Pakona pake panali timabowo titatu.