Matero Si Mudzi

Sajeni wolemba anyamata ntchito ya upolisi sanadzutse n'komwe mutu.

"Mudzi wako ni kuti? Mfumu ni ndani?"

"Ninabadwira mu Matero, ba Sajeni," anayankha Mussa, akupumabe mwawefuwefu. Pothamanga anali atasiya anzake onse kumbuyo, ndipo msinkhu ndi chifuwa chomwe zinali zitakwana pa muyeso.

"Matero si mudzi, ni komboni ya mu Lusaka. Batate bako banachokera kuti?"

"Ku Nyasaland, koma ni kudala, nikalibe kubadwa."

"Apa tifuna bana ba Zambia. Imilira uko."

"Kumeneko sininapondeko olo kamodzi! Nanga ine ndine wa kuti?"

Sajeni anangokodola wotsatira. Anali Chilekwa, amene anamaliza liwiro kumapeto akusanza, ndipo posakhalitsa anakwera lole yopita kumaphunziro.

Mussa anaima yekha padzuwa pansi pa mbendera yatsopano ya Zambia. Atacheuka anaona bambo ake kuseri kwa waya, atavala jekete la kutchalitchi, akukupiza chipewa.

"Mwamuona?" ankauza anthu mokweza. "Mwana wanga uyo! Amupatula yekha poti ndiye woyamba!"

Mussa anangowakwezera dzanja bambo akewo, ngati kuti zinalidi choncho.