Mikono ya Lona

Lona itayalidwa pathebulo la telala, fungo la fumbi ndi utsi wakale linadzaza kachipinda konse. Mzime anabweza sizasi imene anadulira chingwe chomangira lonayo.

"Anthu amanzere mumandiphera sizasi, chemwali," anatero telala akuyesa makulidwe a lona ndi zala.

Mzime sanaseke. Bambo ake, munthu wamtali amene anachita kuwerama polowa pakhomo, ankasisita lonayo ngati msana wa mwana.

Anali mlonda wa nkhalango mpaka chaka chatha, pamene sitiroko inawagwetsa pabwalo n'kuwaumitsa dzanja lamanzere. Kuntchitoko sankagona pansi. Ankamangirira bedi lansalu pamitengo iwiri, pamwamba pake n'kukunga lona yotchinga mvula. Lonayo inkakhala m'matumba awiri aatali ngati mikono ya malaya, ovekedwa pachingwe chake chomwecho. Ukamanga chingwe, umangokokera mikonoyo uku ndi uku, lona n'kutambasuka yokha. Mikono yakale makoswe anali ataidya. Lero bambowo anadzuka akufuna yatsopano.

Mzime sanafunike kuuzidwa. Munthu sasoketsa mikono ya lona kuti aziiyang'ana pakhoma. Dokotala ananena mosapita m'mbali: phiri ayi, kugona kutchire ayi. Koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Mzime anawaperekeza bambowo chifukwa akanawakaniza akanabwera okha, akukoka mwendo pakati pa magalimoto.

Telala anatulutsa nsalu ziwiri. Ina inali yakuda, yoterera ngati ya ambulera. Ina inali ya timabowo ngati neti ya udzudzu, koma yokhuthala.

"Tengani yakudayi, madala. Madzi salowa."

"Salowa, komanso satuluka," anayankha bambowo. "Ukapinda lona yonyowa m'mawa, mawa lake yachita chuku. Ndipatseni ya neti. Lona imafuna kupuma."

"Neti idzakunyowetserani bulangete m'chikwama."

"Ndani amaika lona m'chikwama? Imamangidwa kunja, iziuma munthu akuyenda. Inu munagonapo kutchire, kapena mumangomva?"

Telala anaseka n'kukhala pamakina.

"Bambo, mukungowavutitsa atelala," anatero Mzime. "Kulibe kumene mukupita."

"Ndakufunsa?"

Mzime analuma mlomo. Mwezi watha kunabwera kalata yochokera kusukulu ya zankhalango, yomuitana kuti akayambe maphunziro. Anaiwerenga kawiri ataima kuseri kwa nyumba, kenako anaikwinya n'kuiponya m'dengu la zinyalala. Sanauze munthu. Akulu ake onse anali kumabanja awo. Akanachoka iye, ndani akanawamanga mabatani m'mawa? Ndani akanawadulira zikhadabo? Ndiye lero munthu amene anamutayira zonsezo akufuna kukafera pakati pa mitengo iwiri, mvula ikumuthira.

Makina analira. Posakhalitsa mikono iwiri inali itasokedwa, yaitali, yopyapyala ngati njoka. Telala anamanga chingwe kuchokera pachitsulo cha windo kukafika pamsomali wa kalendala kuti ayese.

"Tsitsani," anatero bambowo. "Mwakweza kwambiri."

"Kwa inu, madala? Apa ndi pachibwano panu."

"Ndati tsitsani. Pakamwa pa mkono pakhale potakasuka, kuti zala zozizidwa zisalimbane napo. Ndipo kogwirira musokere mbali ya kumanzere."

Telala anayang'ana dzanja limene linali lende m'mbali mwa jekete, kenako anayang'ana Mzime. Kuuma mutu kwa bambo ake Mzime ankakudziwa kuyambira ali mwana, koma izi zinali zina. Munthu waiwala kuti ndi dzanja liti linafa. Matenda aja tsopano akwera kumutu, ndipo ndi mutu umenewu akufuna kukwera nawo phiri.

Telala anasoka kogwirira pamene anauzidwa. Anakulunga lona, n'kuiveka mikono yonse iwiri mpaka inakumana pakati.

"Takoka tione," bambowo anauza mwana wawo.

"Sindikoka."

"Ukuopa lona?"

Mzime anagwira kogwirirako n'kukoka mwaukali, kuti mwina ching'ambike nkhani ithe. Mkono unasololoka osakodwa paliponse. Theka la lona linagwa n'kutambasuka, mpaka kuphimba makina a telala. Anakoka winawo. Chimodzimodzi.

"Bweza."

Anabweza. Lona inamezedwa yonse, n'kutsala chinthu chowonda chikulendewera pachingwe.

"Basi," anatero bambowo, nkhope ili ngwee. "Mphepo ikadzuka mwadzidzidzi, ndi momwemo. Osalimbana nayo."

Mzime anamasula chingwe pawindo, nakulunga zonse, n'kuzipanikiza m'khwapa. Kenako anatembenukira bambo ake.

"Mikono mwasoketsa, Bambo, zatheka. Koma lona iyi situluka pageti. Ndiibisa. Mukaipeza ndiitentha. Mundikwiyire chaka chonse ngati mukufuna, koma ine sindikatola mtembo wanu kutchire."

Telala anayamba kufunafuna ulusi umene sunasowe.

Bambowo anapisa dzanja lamanja m'thumba la jekete. Anatulutsa pepala lamakwinya, lothimbirira ndi masamba a tiyi, koma lowongoledwa bwinobwino ndi simbi. Pamwamba pake panali chidindo cha sukulu ija.

"Lonayi ituluka Lolemba, ili pamsana pako," anatero. "Azakhali ako afika Loweruka kudzandimanga mabatani. Chinafa ndi dzanja, mwanawe. Sindilola kuti uikidwe nalo limodzi."