Mapazi pa Paudala

Amake Tchutchu anali pa mpando wawo wa pakona, manja atapinda pachifuwa, akumuyang'ana cham'mbali mkazi wachiwiri wa amuna awo. Mkazi wanji wosatha n'kuyala komwe nsalu ya pathebulo? Makatani anachita kusankha obiriwira ngati a m'chipatala. Kaya bambowo anamuonera chiyani. Mwina mano, poti amangosekerera zilizonse.

Koma chowanyansa kwambiri chinali mabuku. Wachiwiriyo ankagulira Tchutchu timabuku ta zithunzi zokhazokha, ta ana ofufuza mizukwa ndi tochi m'manja. Mawu ake ochepa, otuluka pakamwa m'timabaluni. Mizukwa yake yofunda nsalu zoyera, maso ngati mbale, kukamwa kuli yasa. Zamkutu! Wojambulayo sanauonepo mzukwa chibadwire. Ndiye mtsikana wamkulu kale, wa mutu wabwinobwino, azidya zimenezi?

M'mawa umenewo Tchutchu anali atavala kale yunifolomu, koma buku lili m'manja.

"Anti, taonani apa. Akuti ukawaza paudala pansi, mzukwa ukadutsa umasiya mapazi. N'zoona?"

"Buku latero, eti? Ndiye yesa, mwana wanga."

Mwana wanga! Amake Tchutchu anatsonya. Anamubereka ndi iyeyo? Dzulo lomweli mwanayo anaphonya pakamwa n'kumuitana mkaziyo kuti "amayi", kenako n'kudzigwira pakamwa. Mwana wawo yekhayo ankapita akuona, dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe Tchutchu, siya zopusazo, uchedwa kusukulu," anatero.

Mwanayo sanacheuke n'komwe. Ndi mmene zinalili m'nyumba muno masiku ano. Mwini nyumba kulankhula ngati wailesi yotha mabatire.

Tchutchu anatenga botolo la paudala n'kuwaza kuyambira pakhomo mpaka pa mpando wa pakona, pansi ponse mbuu. Anakwapatira chikwama chake.

"Musasese mpaka ndibwere, anti. Pakapanda kuoneka kanthu, ndiye kuti palibe amabwera. Ndisiya kudikira."

Chitseko chitatsekeka, amake Tchutchu anadzambatuka. Iwo si munthu wokhulupirira timabuku ta ana, ayi. Komabe anayenda pa paudalayo, pakhomo mpaka pa mpando, pa mpando mpaka pakhomo, akuponda mwamphamvu ngati msilikali. M'mawa wonse anathera pamenepo.

Chakumasana Wachiwiriyo anatulukira kuchipinda atanyamula katoni yomwe inkakhala pamwamba pa wadiropu. Anaitsegula. Munali nsapato zakuda za amake Tchutchu, zija zodyeka chidendene mbali imodzi.

"Wakuba iwe! Mwamuna watenga, mwana watenga, lero wafika pa nsapato? Phazi lakolo ngati khasu lilowamo?"

Mkaziyo nsapatozo sanazivale. Anagwada m'mbali mwa paudala, n'kulowetsa dzanja m'nsapato iliyonse. Anayamba kudinda pansi, iyi kenako iyo, pang'onopang'ono, akukwawa ngati khanda, mphuno akupukutira paphewa. Atafika pa mpando anabweza nsapato m'katoni, n'kukasamba m'manja. Munthu wamkulu kuchita masewera a ana! Amake Tchutchu anapukusa mutu. Za mabuku aja zamulowa nayenso.

Tchutchu atabwera kusukulu anaima pakhomo, chikwama chinagwa chokha. Anagwada, n'kuloza chidindo choyamba.

"Anti! Anti, bwerani! Amayi anabwera! Chidendene chawo chodyeka chija ndi ichi!"

"Ndinakuuza kuti sangakuiwale," anatero Wachiwiriyo ali pakhomo la khitchini.

Mwanayo anatsata mapaziwo mpaka pakona, n'kutsamiritsa mutu pa mpando, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Amake Tchutchu anayang'ana pansi. Ponse pomwe anaponda m'mawa uja panalibe ngakhale kachala kamodzi. Chiwaikireni m'manda, pansi sipanawamveponso.

Anatsonya, koma chapansipansi. Mkazi ameneyu ngakhale kunama sakutha: nsapato yakumanzere waidinda kumanja.