Seva Inathamanga Kuposa Dzuwa

A Langton, katswiri wa makompyuta wa ku Chipata, anachenjeza asanakwere njinga yawo yamoto. Anati kompyuta yaikulu ya m'kachipinda, imene ankaitcha seva, ndiyo imapatsa nthawi makompyuta onse a mu ofesi, ndipo wokhudza nkoloko yake wakhudza ofesi yonse. Anthu anagwedeza mitu pakamwa pali mabanzi, pakuti linali tsiku la mwambo wotsegulira makinawo. Kiyi wa kachipindako anaukoleka pamsomali, pambali pa kalendala ya 1997. Mawu achinsinsi olowera anali dzina la ofesiyo, kuti wina asavutike kukumbukira.

Inali ofesi ya pulojekiti yogawa mbewu za nshawa ndi chimanga pa boma la Chadiza. Abwana ake, a Filimoni Sakala, anatsitsa nkoloko yapakhoma tsiku lomwelo. Analamula kuti kulowa ndi kuweruka kuzitsata kompyuta, chifukwa makina sanama ndiponso alibe wachibale.

Regina, wotaipa makalata, anali atangobwerera kuntchito atabereka mwana wake woyamba. Mwanayo, Bernado, ankatsala kunyumba ku Zingalume ndi apongozi, amene mankhwala awo a kulira kulikonse anali madzi a shuga. Pofika masana bulawuzi inali itanyowa ndi mkaka. Ankataipa atafunda chitenje pachifuwa, diso lili pakona ya sikirini pamene manambala ankakwawa.

Tsiku lina anasiya mwana thupi likutentha. Anzake ali ku nkhomaliro, anachotsa kiyi pamsomali, n'kulowa m'kachipinda ka seva. Anawonjezera nthawi pang'ono chabe, kungoti akafike kwawo dzuwa lisanalowe. Potuluka anapeza makompyuta onse avomereza kale. Sanabwerezenso.

Koma seva sinaime pamene anaisiya. Sabata yotsatira anaweruka ana a sukulu akanali m'kalasi. Mwezi usanathe ankakhoma zitseko mthunzi wa mango usanachoke patsinde. M'mawa onse ankapezeka ochedwa, abwana omwe, choncho nkhani ya nthawi yolowera inaikidwa pambali mwakachetechete. A Lefina a ku akaunti ankauza anthu kumsika kuti makina afupikitsa ntchito. Abwana ankasuzumira pazenera, n'kuyang'ana pa sikirini, n'kunena kuti dzuwa la ku Chadiza n'lochedwa kuyambira kale, ndicho chifukwa chake boma lino silitukuka.

Regina yekha ndiye sankaseka. Ankadziwa kuti chala chake chinamasula kanthu m'kati mwa makinawo, ndipo tsopano akutsetsereka ngati njinga yoduka buleki. Akamadutsa pakachipindako ankaponda chonyang'ama. Kunyumba ankayamwitsa mwana masana ndithu, koma mtima uli m'malere, ndipo apongozi anayamba kufunsa ngati ntchitoyo ikadalipo.

Ku likulu ku Lusaka anayamba kulandira malipoti a madzulo iwo asanadye nkhomaliro. Poyamba anayamikira Chadiza pa khama. Kenako anaimba foni masana, ndipo anayankha ndi mlonda, amene anawauza mwaulemu kuti kuno kwada kale.

Mawa lake abwana anasonkhanitsa antchito onse. Anali atavala jekete la misonkhano, thukuta likutsikira m'kolala. Anati a Langton afika mawa m'mawa pamodzi ndi akuluakulu a ku Lusaka.

"Andiuza pafoni kuti seva imakumbukira chala chilichonse chimene chinaikhudza," anatero. "Mwini chalacho ntchito yatha, ndipo mawa akagona kupolisi."

Anayang'ana antchito mmodzimmodzi. Onse anazyolika. Regina anaona ngati maso aja achedwa pa chitenje chake, ndipo anaganiza za Bernado akulira m'manja mwa apongozi iye ali m'chitokosi. Azakhali a Regina anali ku Chipata, ndipo sanali anthu ofunsa zambiri.

Kuseri kwa ofesi, a Simoni, dalaivala wa lole yonyamula nshawa, anali kumanga tenti pa matumba kukonzekera ulendo wa ku Chipata. Regina anadikira kuti anzake abalalike, n'kuzungulira cha ku chimbudzi kuti wina asamuone. Ananong'ona kuti akufuna malo, iye ndi mwana, ngakhale pakona, ndipo asauze munthu.

A Simoni anakanda m'mutu, n'kuyang'ana lole yawo ngati akuimvera chisoni.

"Mwachedwa, amake Bernado. Pamwamba pa matumba pakwera a Lefina, woyang'anira sitolo ya mbewu nayenso, ndi makalaliki onse awiri, ndipo aliyense wati ndisauze munthu. Kutsogolo atenga abwana ndi masutikesi awo. Akuti tinyamuke tambala asanalire."