Ndodo zoyendera zimene mphira wake sunathe

Panali mayi wina wochapa zovala kuhotela amene tsiku lina anaweruka msanga chifukwa makina ochapira anawonongeka. Atangolowa m'nyumba anamva mkangano kuseri kwa khoma, kuchipinda kumene mlamu wake ankalukirako anthu tsitsi. Khomalo linali la mabolodi, loti munthu akayetsemula uku, winayo amayankha uko. Okanganawo anali mwamuna wake ndi mlamu uja, achemwali a mwamunayo.

"Munamuvula mwanayo chinsapato ndinu, achemwali."

"Nanga woima pakhomo kuyang'ana ngati mkazi wako akubwera anali ndani? Galu?"

"Ine ndinati kamodzi kokha."

"Kamodzi kako n'kamasabata awiri? Phazi latupa tsopano, uziona wekha chomuuza."

Mayi uja anangoima, chikwama chili m'manja.

Mwana wake wamkazi, wa zaka khumi ndi chimodzi, anali ndi mapazi ophwatalala, pansi ponse pogunda dothi, mpaka anzake anamutcha Kabakha. Akayenda pang'ono ankalira, nsapato zikutha mbali imodzi. Mayi anayendera chipatala chaka chathunthu mpaka adokotala anayamba ndi phazi lamanzere. Anangoboola pang'ono pansi pa kakolo n'kuikamo kachitsulo kodzutsa phazilo. Kabala kake kanali ngati batani la malaya.

Adokotala anachenjeza mayi, mwamuna wake ndi mlamu, onse atatu ali pomwepo: "Kuchepa kwa bala kusakunamizeni, ntchito yaikulu ili m'kati. Asavule chinsapato chachipatalachi, ndipo asaponde mpaka ndinene ine."

Mlamu anadziguguda pamtima. "Alamu, pitani kuntchito mtima uli m'malo. Mwana wa mchimwene wanga ndi wanga."

Mayi uja analowa kuchipinda kwa mwana. Anamupeza atagona, chinsapato chili kuphazi bwinobwino, ndodo zoyendera zitatsamira khoma. Anatenga ndodo imodzi n'kuitembenuza. Mphira wa kunsi unali watsopano, mizere yake yonse ilipo, ngati wangochoka m'sitolo. Atamasula chinsapatocho, anapeza phazi litatupa mpaka kakolo osaoneka.

"Ndiuze, mwanawe. Sindikumenya."

"Azakhali amati kabala kapola, ndisadzipange mfumukazi. Amandibereketsa khanda lawo kuti ndiziyenda nalo pabwalo iwo akamaluka anthu."

"Ndi phazi limeneli?"

"Amati chinsapato chimandichedwetsa. Nthawi yanu yoweruka ikakwana, adadi amandisambitsa phazi n'kundiveka. Lero andiveka msanga ataona kuti latupa."

"Bwanji sunandiuze?"

"Anati ndikaulula, inu ndi adadi musiyana, ndipo wolakwa ndikhala ine."

Apa mayi anakumbukira kuti dzana lomwelo anamukalipira mwanayo kuti akulira zachibwana, chifukwa mwamuna wake anati n'kudyerera chabe. Chinam'baya kwambiri n'chimenecho.

Sanagogode kwa mlamu. Anabereka mwana wamkuluyo kumsana, miyendo ikulendewera, n'kupita kuchipatala. Adokotala atajambula phazi anapukusa mutu.

"Kachitsulo kasuntha. Tikachotse, phazi lipole, kenako tidzayambirenso. Amayi, sindinakuuzeni kodi?"

Mwana anagonekedwa, mayi n'kubwerera kunyumba kukatenga bulangete ndi zovala.

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika. Mkangano uja unali utatha kalekale. Mlamu anali atalowa m'khitchini ya mwini wake n'kutenthetsa chakudya chimene mayi anaphikira mwana m'mawa, ndipo ankapakula m'mbale ziwiri.

"Alamu, mwafika? Kabakha mwamusiya kuti?"

"Kuchipatala. Kachitsulo kasuntha."

Mlamu anayang'ana mchimwene wake, mchimwene wake n'kuyang'ana mbale.

"Ana a masiku ano samva," anatero mlamu. "Ife kumuletsa, iye kumangodumphadumpha."

"Khomali ndi la mabolodi, alamu. Ndinalipo masana."

Mayi anapinda bulangete, natenga zovala za mwana ndi zake zomwe, ndi ndodo zija. Ali pakhomo, mwamuna wake anamuitana. Iye anacheuka, poganiza kuti mwina afunsa kuti mwana ali wodi iti.

"Amake mwana, mchere mumasunga pati?"

Mayi anatseka chitseko. Akudutsa pawindo anawaona awiriwo akusamba m'manja, akukokera mipando patebulo.

Phunziro: Bala la opaleshoni likachepa sindiye kuti m'kati mwapola. Woti anene kuti mwana aponde ndi dokotala, osati azakhali. Mukasiyira wachibale mwana wodwala, musangomvera pakamwa pake, muziyang'ananso kunsi kwa ndodo. Mwana akamalira mufunseni muli awiri, chifukwa ena amamusenzetsa chinsinsi cholemera kuposa khanda. Tumizirani mayi mnzanu amene amasiya mwana m'manja mwa ena akamapita kuntchito.